RSS: kutsatira masamba a pa intaneti popanda wina wokusankhirani zoti muwerenge

Aliyense amene amawerenga kwambiri pa intaneti amakhala ndi masamba ake angapo omwe safuna kuti chatsopano chimudutse: nyuzipepala ziwiri zitatu, tsamba la bungwe lomwe limalengeza mwayi wa ntchito, tsamba la katswiri wina amene amalemba kamodzi pa mwezi, mwinanso la pulogalamu yomwe amaidalira pa ntchito yake. Kuyendera masamba onsewa limodzilimodzi n'kotopetsa. Umatsegula, kupeza kuti palibe chasintha, kutseka, kutsegula lina, ndipo tsiku lomwe watanganidwa ndi lomwe chilengezo chofunika chimatuluka. N'chifukwa chake anthu ambiri anangoisiyira ntchitoyi Facebook, X ndi masamba ena a mchezo. Koma kumeneko, ngakhale mutadina batani lotsatira tsamba linalake, palibe amene wakulonjezani kuti zonse zomwe tsambalo latulutsa zikufikani. Kampani ndi imene imasankha choti muone poyamba, choti muone mawa, ndi chomwe simudzachiona n'komwe.

Pali njira ina yomwe inalipo Facebook isanabadwe, ndipo ikugwirabe ntchito mpaka lero. Dzina lake ndi RSS. Anthu ambiri amaigwiritsa ntchito osadziwa, makamaka omvera ma podcast (mapulogalamu ongomvera ngati a pa wailesi, koma a pa intaneti), koma ndi ochepa amene amaitenga n'kumaiyendetsa okha. Ine ndimaona kuti munthu amene ntchito yake imafuna kuti azidziwa zatsopano pa nthawi yake, kaya ndi mtolankhani, wofufuza, wophunzira kapena wosaka ntchito, akumanidwa chinthu chachikulu ngati sakuidziwa.

Kafayilo kolembedwera makina

Tsamba lomwe mumatsegula pa foni kapena pa kompyuta linakonzedwera maso a munthu. Lili ndi zithunzi, mitundu, mabatani ndi zotsatsa malonda. Koma masamba ambiri amatulutsanso kafayilo kachiwiri, kolembedwera makina, kokhala ndi adiresi yakeyake. Kafayilo kameneka ndi komwe kamatchedwa feed. Kamalembedwa mu XML, kalembedwe komwe chinthu chilichonse chimaikidwa chizindikiro chonena kuti ichi n'chiyani. Mukakatsegula mungoona mizere ya mawu yothinana, yosakoma m'maso, koma mukayang'anitsitsa dongosolo lake limaoneka. Pamwamba pali dzina la tsamba ndi adiresi yake. M'munsi muli nkhani zaposachedwa. Nkhani iliyonse ili ndi mutu, linki yopita ku nkhaniyo, tsiku ndi ola lomwe inatuluka, ndiponso mawu ake, kaya ndime yoyamba yokha kapena nkhani yonse. Nthawi zambiri pamakhalanso kachizindikiro kotchedwa guid, komwe ndi ka nkhani imodziyo basi. Kachizindikiro kameneka n'kakang'ono koma kali ndi ntchito yaikulu, chifukwa ndi komwe kamathandiza makina kusiyanitsa nkhani yatsopano ndi yomwe munaiona kale, ngakhale mlembi atasintha mutu wake madzulo.

Mwini tsamba akatulutsa nkhani, feed imasintha yokha. Yatsopano imalowa pamwamba, yakale kwambiri imatuluka. Pa masamba opangidwa ndi WordPress, pulogalamu yopangira masamba a pa intaneti, ngati mwiniwake sanasinthe kalikonse, feed imasunga nkhani 10 zokha zomaliza. Nambala imeneyi tiikumbukire, ibweranso kutsogoloku.

Mbali yachiwiri ili kwa inu. Mumafunika pulogalamu yowerengera ma feed, yomwe ena amaitcha news reader, ena aggregator. Mumaipatsa maadiresi a ma feed omwe mukufuna, ndipo iyo imakhala ngati mthenga amene mwamutuma kuti azizungulira makomo omwe mwamulembera, n'kumafunsa pakhomo lililonse ngati pali chatsopano. Imachita zimenezi mphindi 30 zilizonse, kapena ola lililonse, malinga ndi mmene mwaitchera. Zomwe yapeza imaziika pamalo amodzi, motsatira nthawi yomwe zinatuluka, zomwe simunawerenge zili ndi chizindikiro. Mukawerenga, chizindikirocho chimachoka. Mukamaliza zonse, mndandanda watha, ndipo mutha kuika foni pansi. Masamba a mchezo anapangidwa mwadala kuti chala chanu chisamafike pamapeto.

Wina angaganize kuti kufunsafunsa kotereku kumadya data yambiri. Sizili choncho. Pulogalamu yopangidwa bwino ikabwerera ku seva, kompyuta yomwe imasunga tsambalo, imayamba yanena kuti fayilo iyi inaitenga komaliza nthawi yakutiyakuti, ndipo imafunsa ngati yasintha. Ngati sinasinthe, seva imangoyankha ndi nambala 304, kutanthauza kuti zonse zili mmene zinalili, ndipo situmizanso fayiloyo. Kukambirana konseko ndi timizere tochepa chabe. Ngakhale feed itasintha, chomwe chimabwera kwenikweni ndi mawu, osati zotsatsa ndi makanema oyamba okha kuonetsa omwe amalemetsa tsamba lenileni. Kwa munthu amene netiweki yake imavuta, mapulogalamu ambiri amalola kutenga nkhani zonse nthawi imodzi pamene intaneti ilipo, n'kudzaziwerenga pambuyo pake itazima.

Chofunika kuchimvetsa bwino ndi mbali yomwe uthenga umayambira. Tsamba silikutumizirani kanthu. Pulogalamu yanu ndi imene imapita kukatenga. Choncho simupereka imelo, nambala ya foni kapena dzina kwa mwini tsamba, ndipo simutsegula akaunti kwa iye. Tsiku lomwe mwatopa nalo tsambalo, mumangofufuta adiresi yake pa mndandanda wanu, nkhani yatha pomwepo. Yerekezerani ndi makalata a pa imelo, omwe umachita kusakasaka linki yoti ulekere kuwalandira, ndipo adiresi yako imatsalabe m'manja mwa anthu omwe sukudziwa kuti aichita nayo chiyani. Sikuti RSS imakubisani kotheratu ayi. Seva imaonabe adiresi ya intaneti ya makina omwe abwera kudzatenga feed, ndipo ngati mukugwiritsa ntchito pulogalamu ya kampani inayake, kampaniyo imadziwa zonse zomwe mumatsatira. Komabe zimenezi n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi zomwe tsamba la mchezo limatolera za inu.

Kumene inachokera

RSS inayambira ku kampani ya Netscape mu Malichi 1999. Ramanathan Guha ndi Dan Libby anaikonza kuti mitu ya nkhani zochokera m'masamba osiyanasiyana izioneka pa tsamba la My Netscape. Patangopita zaka ziwiri Netscape inaitaya, ndipo chinthu chopanda mwini chinatsala m'manja mwa anthu omwe sankagwirizana. Gulu lina linatulutsa RSS 1.0 mu Disembala 2000, ndipo m'gululo munali Aaron Swartz, mnyamata wa zaka 14 pa nthawiyo. Dave Winer wa kampani ya UserLand anatsata njira yake yosavuta, natulutsa RSS 0.92 mwezi womwewo, kenako RSS 2.0 mu 2002. Mkanganowu umaoneka ngakhale m'dzina lenilenilo: zilembo zitatuzo zinayamba kuimira RDF Site Summary, kenako Rich Site Summary, pomaliza Really Simple Syndication. Mu 2003 Winer anapereka umwini wa malamulo a RSS 2.0 ku Berkman Center ya pa yunivesite ya Harvard. Anthu ena omwe anatopa ndi kukokanako anayamba kalembedwe katsopano kotchedwa Atom, komwe bungwe la IETF, lokonza malamulo a kayendedwe ka intaneti, linakasindikiza mu Disembala 2005 ngati RFC 4287. Mu 2017 panabweranso JSON Feed, ya Brent Simmons ndi Manton Reece.

Wowerenga wamba asadere nkhawa ndi mayina onsewa. Pafupifupi pulogalamu iliyonse yowerengera imamva RSS ndi Atom yomwe, ndipo anthu amangozitcha zonse RSS. Chomwe chinatuluka mu mkanganowu n'chakuti palibe kampani imene ili mwini wake. Aliyense atha kutulutsa feed, aliyense atha kupanga pulogalamu yoiwerenga, popanda kupempha chilolezo kapena kulipira munthu.

Zaka za m'ma 2005 zinali za mwanaalirenji kwa RSS. Kachizindikiro kake, kabokosi ka mtundu wa lalanje kokhala ndi kadontho ndi timizere tiwiri topindika, kanayambira mu browser ya Firefox, ndipo Microsoft inakatenganso kumapeto kwa 2005. Chaka chomwecho, mu Okutobala, Google inatsegula Google Reader, pulogalamu yake yowerengera ma feed. Inali yaulere, yachangu, ndipo inakopa anthu ochuluka moti mapulogalamu ena ambiri anafa, ena n'kuyamba kudalira seva za Google pa kusunga mindandanda ya owerenga awo. Ndiye pa 13 Malichi 2013 Google inalengeza kuti itseka Google Reader pa 1 Julayi chaka chomwecho, ponena kuti oigwiritsa ntchito akuchepa. Anthu anakwiya, analemba zikalata zodandaula, koma tsikulo litafika inatsekedwadi.

Ambiri anati RSS yafa. Koma zomwe zinachitika zikusonyeza mphamvu ya chinthu chopanda mwini. Ma feed sanali a Google, anali pa masamba a eni ake ndipo anatsala pomwepo. Mndandanda wa aliyense unkatheka kuutulutsa n'kupita nawo kwina. Feedly inanena kuti inalandira anthu atsopano opitirira 500,000 m'maola 48 chilengezocho chitatuluka, ndipo mapulogalamu ena atsopano anabadwa chaka chomwecho. Chomwe chinachepa ndi kuoneka kwa RSS. Twitter (yomwe tsopano ndi X) inasiya kupereka ma feed mu 2013, Firefox inachotsa mbali yake yowerengera ma feed mu Disembala 2018, ndipo kachizindikiro ka lalanje kaja kanasowa pa masamba ambiri ngakhale feed yeniyeniyo ikadalipo kuseri. Si zodabwitsa. Kampani yomwe imapeza ndalama mukakhala nthawi yaitali pa tsamba lake ilibe chifukwa chokuthandizani kuwerengera kwina.

Ofalitsa nkhani omwe anaika mtima wawo wonse pa masamba a mchezo anaona zotsatira zake. Mu Januwale 2018 Mark Zuckerberg, mkulu wa Facebook, analengeza kuti Facebook iyamba kuonetsa kwambiri zolemba za abale ndi abwenzi n'kuchepetsa za mabizinesi ndi nyumba zofalitsa nkhani. Mu Ogasiti 2023, chifukwa cha lamulo latsopano la dziko la Canada lofuna kuti makampani akuluakulu a intaneti azilipira ofalitsa nkhani, kampani ya Meta inatsekereza nkhani pa masamba ake a Facebook ndi Instagram m'dzikomo. Munthu wa ku Canada amene ankatsatira nyuzipepala yake kudzera pa Facebook anasiya kuona nkhani zake, pamene wotsatira kudzera mu feed sanaone kusintha kulikonse.

Ma podcast ndiwo umboni wamoyo woti RSS sinafe. Mu RSS 0.92 Winer anawonjezera kachigawo kotchedwa enclosure, komwe kamalola kuti nkhani ikhale ndi adiresi ya fayilo ya mawu kapena kanema. Podcast, mukaivundukula, ndi feed yomwe nkhani iliyonse ili ndi fayilo yomvera. Apple inalowetsa ma podcast mu iTunes mu Juni 2005, ndipo mpaka lero wopanga podcast amatulutsa feed imodzi yomwe mapulogalamu ambirimbiri amaiwerenga. N'chifukwa chake mutha kumvera podcast imodzimodziyo pa chida chilichonse chomwe mwakonda, kupatula zija zomwe kampani ina inagula kuti zizimveka kwa iyo yokha.

Kupeza feed ndi kusankha pulogalamu

Poti kachizindikiro kanasowa, feed mumaipeza bwanji? Njira yosavuta ndi kukopera adiresi ya tsamba n'kuiika mu pulogalamu yowerengera. Masamba ambiri amabisa kamzere m'kati mwa zolemba zawo konena komwe feed ili, ndipo pulogalamu imakapeza yokha. Ikalephera, pali tinjira todziwika. Pa tsamba la WordPress onjezani /feed kumapeto kwa adiresi, ndipo zimagwiranso pa chigawo chimodzi cha tsambalo, moti mutha kutsatira za malonda zokha n'kusiya zamasewera. Pa Substack ndi /feed yomweyo. Pa Blogger ndi /feeds/posts/default. Pa Reddit ndi Mastodon mumawonjezera .rss kumapeto. Tchanelo chilichonse cha YouTube chili ndi feed yake, ndipo kudzera mmenemo mavidiyo onse atsopano amakufikani motsatana, osati okhawo omwe YouTube yaganiza zokuonetsani.

Pamene RSS imandisangalatsa kwambiri ndi pa zinthu zomwe si nkhani za m'nyuzipepala. Nkhani iliyonse ya pa Wikipedia ili ndi feed ya zosintha zake, choncho mutha kudziwa wina akangosintha chiganizo pa mutu womwe mukuulondola. Wofufuza za umoyo atha kulemba mawu osakira pa PubMed, nkhokwe ya kafukufuku wa zachipatala, n'kusandutsa kusakako kukhala feed, ndipo kafukufuku watsopano wogwirizana ndi mawuwo azimupeza yekha. Pa GitHub, tsamba lomwe opanga mapulogalamu amasungirapo ntchito zawo, pulogalamu iliyonse ili ndi feed ya mitundu yake yatsopano. Google Alerts imalola kusankha feed m'malo mwa imelo. Bungwe la USGS ku America limatulutsa feed ya zivomezi zomwe zachitika padziko lonse. Pa masamba omwe alibiretu feed pali zida monga RSS-Bridge ndi RSSHub zomwe zimayesa kuipanga pochita kuwerenga tsambalo, kungoti zimasweka mwini tsamba akasintha maonekedwe ake.

Mapulogalamu owerengera alipo a mitundu iwiri ikuluikulu, ndipo kusiyana kwake n'kofunika. Ena amakhala pa chida chanu n'kumakatenga okha ma feed: NetNewsWire pa zida za Apple, Feeder pa Android, Thunderbird pa kompyuta, komanso browser ya Vivaldi yomwe ili ndi yake m'kati. Awa safuna akaunti ndipo mndandanda wanu sutuluka m'foni mwanu. Vuto lake lili pa nambala 10 ija. Tinene kuti foni yanu yakhala masiku atatu osalumikizidwa, ndipo tsamba lina limatulutsa nkhani 30 pa tsiku koma feed yake imasunga 10. Mukadzatsegula mupeza 10 zomaliza zokha, zina zonse zinalowa n'kutuluka mthenga wanu asanafike. Mtundu wachiwiri, monga Feedly, Inoreader, NewsBlur ndi The Old Reader, umakhala pa seva za kampani zomwe sizigona. Zimatolera usana ndi usiku, n'kukusungirani, ndipo zomwe mwawerenga pa foni zimaoneka zowerengedwa pa kompyuta. Ambiri mwa awa ali ndi gawo laulere lokhala ndi malire komanso gawo lolipira. Amene ali ndi luso ndi seva yawo atha kuika FreshRSS, Miniflux kapena Tiny Tiny RSS n'kukhala kampani ya iwo eni.

Chilichonse chomwe mungasankhe, onetsetsani kuti chikulola kutulutsa mndandanda wanu ngati fayilo ya OPML. Ndi kafayilo kakang'ono kokhala ndi maadiresi a ma feed anu onse ndi magulu omwe munawaika. Ndi komwe kanapulumutsa anthu a Google Reader mu 2013. Kutulutsa kafayiloka kamodzi pa miyezi ingapo n'kukasunga pabwino sikutenga mphindi ziwiri, ndipo pulogalamu yomwe siilola zimenezi ine sindingaikhulupirire. Pa Facebook kapena X palibe batani loti musamuke ndi masamba omwe mumatsatira kupita nawo ku kampani ina.

Pamene imavuta

RSS siikubweretserani zomwe simunazipemphe, ndipo umenewo ndi ubwino wake komanso kufooka kwake. Algorithm ya tsamba la mchezo, makina omwe amakusankhirani zoti muone, nthawi zina imakupatsani mlembi amene simukanamudziwa. Feed sichita zimenezo. Mukasankha masamba a maganizo amodzi okhaokha, muzimva mbali imodzi mpaka kalekale, ndipo simudzakhala ndi makina oti muwaloze chala. Kusaka mawu atsopano ndi ntchito yanu, ndipo njira yabwino ndi kulondola ma linki omwe alembi anu odalirika amatchula kawirikawiri. Palinso ofalitsa ambiri amene amangoika ndime imodzi mu feed kuti mudine n'kupita pa tsamba lawo, komwe kuli zotsatsa zomwe zimawapatsa ndalama. Zimakhumudwitsa, koma n'zomveka, atolankhani nawo amafuna malipiro. Nkhani yomwe ndi yolipira imakhalabe yolipira ngakhale mutu wake mwauona mu feed.

Vuto lalikulu kwenikweni ndi dyera la masiku oyamba. Munthu akazindikira kuti n'zosavuta, amawonjezera nyuzipepala zikuluzikulu zonse madzulo amodzi. Kukacha amapeza nkhani mazana, pakutha pa sabata zafika masauzande. Google Reader inkangolemba 1000+ zikapitirira pamenepo, ndipo anthu ambiri nambala imeneyi inkawalemera ngati ngongole mpaka kusiya kutsegula. Mndandanda wa ma feed si bokosi la imelo loti kalata iliyonse iyankhidwe. Batani lolemba zonse kuti zawerengedwa linaikidwa kuti lizigwiritsidwa ntchito, ndipo mapulogalamu ambiri amalola kubisa nambalayo, ena amalolanso kusefa nkhani ndi mawu kuti zomwe simukuzifuna zisamaoneke.

Chothandiza ndi kulekanitsa masamba olankhula kwambiri ndi olankhula mwa apo ndi apo. Nyuzipepala yaikulu simungaiiwale, ndipo nkhani yake yaikulu ikupezani ngakhale musaifune, choncho kwa iyo tengani feed ya chigawo chimodzi chokha, kapena iikeni m'gulu lomwe mumangoyang'ana mitu n'kudutsa. Amene amapindula kwambiri ndi RSS ndi mlembi uja amene amatulutsa nkhani zinayi pa chaka, bungwe lomwe limalengeza mwayi wa maphunziro kamodzi pa nyengo, kapena ofesi yomwe imatulutsa lipoti pakutha pa miyezi itatu. Oterewa algorithm siwakonda chifukwa salemba pafupipafupi, ndipo inunso mukanasiya kalekale kuyendera masamba awo. Feed yawo ikhoza kukhala chete miyezi isanu osakudyerani kanthu, koma tsiku lomwe alemba nkhaniyo iima pamndandanda wanu. Aikeni m'gulu lawolawo pamwamba, muziyamba ndi iwo, ndipo pakapita miyezi ingapo muzidutsa m'magulu enawo n'kuchotsa feed iliyonse yomwe mwakhala mukuilumpha osaitsegula.